Ndege Yokhomera Pakhomo: Ufulu ndi Mtengo Wake

M'mwezi wa July chaka cha 2025, pa chionetsero cha ndege cha ku Oshkosh m'chigawo cha Wisconsin, boma la America lidalengeza malamulo atsopano ofewetsa kayendetsedwe ka ndege zing'onozing'ono. Komabe munthu wa ndalama zochepa amene afuna kudzipangira ndege yake akudalirabe lamulo lakale la 1982, lotchedwa Part 103.

Chiyambi cha nkhaniyi ndi John Moody, amene mu 1975 adamangirira kainjini pa chiphapha chouluka ndi mphepo chotchedwa Icarus II, nauluka nacho. Anthu ambiri adamtsanzira, ndipo boma lidaona kuti nkofunika kuika malire. Lamulolo likuti ndegeyo ikhale ya mpando umodzi, kulemera kwake isanathiridwe mafuta kusafike makilogalamu 115, mafuta asapitirire malita 19, ndipo liwiro lisapose makilomita 102 pa ola. Iuluke masana, kutali ndi malo okhala anthu ambiri. Wotsata zimenezi safunika chiphaso choyendetsera, ngakhalenso kulembetsa ndege yake.

Nanga boma lidaperekeranji ufulu wotere? Chifukwa chake nchoti ndege yopepuka, yoyenda pang'onopang'ono ndi yopanda wokwera wachiwiri, ikagwa imavulaza mwini wake yekha. Motero udindo wonse uli pamutu pa wopangayo.

Kutsika kwa mtengo kumachokera pa kukhoma wekha. Mwachitsanzo, ndege yotchedwa Legal Eagle, imene adaikonza Leonard Milholland wa ku Texas, ili ndi thunthu la mapaipi achitsulo owotcherera, mapiko a matabwa okutidwa ndi nsalu, ndi theka la injini ya galimoto ya Volkswagen. Munthu amagula mapulani, nasonkhanitsa zipangizo pang'onopang'ono monga momwe thumba lake lilolera. Mdani wake wamkulu ndi kulemera, pakuti akaonjeza chitsulo pofuna kulimbitsa, ndege imapyola malire a lamulo ndipo imavutika kunyamuka.

Pamene pagona vuto ndi pa kuphunzira. Poti mpando ndi umodzi, mphunzitsi alibe pokhala. Wofuna kuphunzira ayenera kulipira maphunziro m'ndege ina ya mipando iwiri, ndipo ndalama imeneyi ndiyo imene wopanga wosauka amayesedwa kuisunga, poti lamulo silimkakamiza. Tsono tsiku loyamba amakhala akuyesa zinthu ziwiri zosayesedwa nthawi imodzi: ndege yatsopano ndi woyendetsa watsopano. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Maiko ena sadatsate njira ya America. Ku Britain ndi ku South Africa woyendetsa ndege zopepukazi ayenera kukhala ndi chiphaso, choncho maphunziro sangazembedwe. Wophunzira amene alakalaka ntchito imeneyi ayambe wafunsa malamulo a dziko lake, ndipo powerengera ndalama aike maphunziro patsogolo, asanagule paipi ngakhale imodzi.