Mwana wa njoka ni njoka? Osewela D&D ayamba kukana

Ngati munaonako Stranger Things, kaya pa Netflix kaya pa ka flash kamene kanazungulila komboni yonse, mukumbukila anyamata aja okhala pa tebulo na mapepala na tumadayisi, akukuwa monga chilombo chalowadi m'nyumba. Gemu ija si ya mufilimu chabe. Dzina lake ni Dungeons & Dragons, ambili amangoti D&D, ndipo mu 2024 inakwanitsa zaka 50. Osewela ake, maka-maka ku America na ku Ulaya, akhala akukangana pa funso limene na ise kuno tilidziwa bwino: kodi kuli mtundu umene umabadwa woipa?

Choyamba nikuuzeni mmene amaisewelela, kaili ambili a ise tinakulila pa nsolo, draft na makhadi. Siifuna TV, siifuna malaiti, siifuna ma bundle. Mukhala anthu anayi olo asanu. Mmodzi amakhala Dungeon Master, ndiye mwini nthano, monga ambuya pamoto madzulo. Kusiyana kwake n'kwakuti imwe omvela simuyankha chabe kuti "tili tonse", muli mkati mwa nthanoyo. Wina ni msilikali, wina ni kawalala, wina ni wamatsenga. Mwini nthano akati, "Mwafika pakhomo la phanga, mkati mumveka mawu, muchita bwanji?" imwe ndimwe musankha. Mukafuna kuchita chinthu chovuta muponya dayisi ya mbali 20, nambala ndiyo ikamba ngati mwakwanitsa olo mwagwa nayo.

Anaipanga ni Gary Gygax na Dave Arneson, ndipo inatuluka mu 1974 ku kampani ya TSR ya ku Lake Geneva, Wisconsin. Amuna awa anachokela ku masewela a nkhondo a tuzidole twa asilikali, kumene nkhani imakhala ya athu na adani basi. So pobweletsa zilombo, anazipatsa chizindikilo chimene amati alignment, kutanthauza mbali imene mtima wako uli. Pofika mu 1978 panali mabokosi 9: wabwino wosunga lamulo, wabwino wosasamala lamulo, woipa wosunga lamulo, woipa wachisokonezo, na ena a pakati. Wosewela anali kudzisankhila bokosi. Koma zilombo, buku lawo la 1977 lotchedwa Monster Manual linawasankhila kale. Ma orc, ankhondo aja a mano otuluka kunja: oipa. Ma goblin: oipa. Futi malamulo anali kukupatsa mapointi ukapha chilombo na ukatenga chuma chake. Mwachidule, ukaona nkhope ya so, ipha, tenga golide, ulibe mlandu.

Vuto linaonekela msanga. Mu 1979 Gygax yemweyo analemba nthano yosewela yotchedwa The Keep on the Borderlands, imene anthu ambili anaphunzililapo gemu iyi. M'mapanga a zilombo analembamo kuti muli akazi na ana. Manje ganizani. Mwagonjetsa ankhondo onse, pakona pali tuana tulila. Buku likamba ati mtundu uyu ni woipa. Mutupha? Mukatusiya, situdzakula n'kubwela kudzatentha mudzi? Nanga mukatupha, imwe mukali "wabwino wosunga lamulo"? Nkhani ya mwana wa orc yakanganitsa osewela kuyambila nthawi ija mpaka lelo.

Ma orc amenewa gemu inawabweleka kwa J.R.R. Tolkien, wolemba The Lord of the Rings, amene anabadwila ku Bloemfontein mu 1892. Na iye mwini wake nkhaniyi inamuvuta. Anali Mkatolika wolimba, ndipo chikhulupililo chake sichinali kulola kuti cholengedwa chokamba na kuganiza chikhale choipa kosatheka kupulumuka. Zolemba zimene anasiya zionetsa kuti anasinthasintha maganizo pa kumene ma orc anachokela mpaka ukalamba wake. Komanso m'kalata ina ya mu 1958 anayelekeza maonekedwe awo na a anthu a mtundu wa Mongol a ku Asia. Apa ndiye muona kuti chilombo chongopeka chingabweleke nkhope ya anthu eni-eni.

Ndiye kuli ma drow. Mu D&D ma elf abwino anali kujambulidwa oyela khungu, okhala m'nkhalango zokongola. Abale awo oipa, amene anayamba kuonekela bwino m'nthano zosewela za 1978, anapatsidwa khungu lakuda na tsitsi loyela, akhala pansi pa nthaka, alambila Lolth, mulungu wamkazi wa akangaude. Oyela abwino, akuda oipa. Sinifunika kukufotokozelani mmene wachinyamata wachikuda wa ku Chicago olo London anali kumvela akatsegula buku la so. Mu 1988 wolemba mabuku R.A. Salvatore anabweletsa Drizzt Do'Urden, drow wa mtima wabwino amene anathawa anthu ake. Anakondedwa maningi. Koma mvetsetsani: kukhala na wabwino mmodzi pa mtundu wonse kulingana na kuuza munthu ati, "Iwe ndiwe wabwino, suli monga bantu bakwanu." Amene anauzidwapo mawu aya adziwa kuti si chitamando.

Chodabwitsa n'chakuti m'ma 1980 mantha a makolo ku America sanali pa izi. Iwo anali kuopa kuti gemu iphunzitsa ana za Satana, mantha amene na ise tiwadziwa. Mu 1983 mayi wina, Patricia Pulling, anayambitsa gulu lolimbana nayo lotchedwa BADD. Pamene TSR inatulutsa malamulo atsopano mu 1989, inachotsa ziwanda na adyelekezi, pambuyo pake n'kuwabweza na mayina ena osaopsa makolo. Zilombo zinabwelanso, dzina chabe ndilo linasintha. Panthawiyo funso linali lakuti: zilombo izi ziononga ana athu? Funso la lelo ni lina: zilombo izi zifanana na ndani?

Magemu ena ndiwo anayamba kuyankha. Shadowrun, ya mu 1989, inaika ma ork m'mizinda ya mtsogolo monga anthu wamba osalidwa, ovutika kupeza nchito na nyumba. Vampire: The Masquerade, ya mu 1991, inatembenuza zonse: chilombo ndiwe wosewela, umamwa magazi, ndipo uli na nambala yoonetsa umunthu umene wakutsalila. Ukachita zankhanza nambala ija ingatsike, mpaka usanduke chinyama. Na D&D yomwe, mu 2004 inatulutsa dziko la Eberron lolembedwa na Keith Baker, kumene ma orc ena ndiwo alonda akale amene anateteza dziko ku zoopsa zochokela kunja, ndipo ma goblin anali na ufumu waukulu anthu asanafike.

Koma mabuku aakulu anachedwa. Buku la 2016, Volo's Guide to Monsters, linalola munthu kusewela monga orc, koma linamuchotsela mapointi awili pa nzelu. Wabadwa orc, wabadwa wopelewela m'mutu. Mu June 2020, patapita masabata ochepa George Floyd ataphedwa na wapolisi ku Minneapolis, kampani ya Wizards of the Coast, imene inagula TSR mu 1997, inavomela poyela kuti mmene inali kulembela ma orc na ma drow zinali kufanana na mmene mitundu ina ya anthu imanyozedwela. Chilango chija cha nzelu chinachotsedwa. Buku la osewela la 2024 linaika orc pamodzi na anthu, ma elf na ma dwarf monga mtundu umene aliyense angasankhe, ndipo liwu lakuti race linalowedwa m'malo na species. Mu Monster Manual ya 2025 ma orc na ma drow alibenso tsamba lawo monga zilombo. Pathfinder, gemu ya kampani ya Paizo imene ipikisana na D&D, inapitilila apo: mu 2023 inataya mabokosi 9 aja onse.

Si onse anaomba m'manja, ndipo otsutsa ali na mfundo zawo. Ena akuti orc kulibe, ni chinthu chongopeka, ndipo amene aona munthu wachikuda pa nkhope ya orc ndiye ali na vuto. Ena akuti, "Nasebenza sabata yonse, pa Chiwelu nifuna chabe kumenya vilombo, osati kukhala mu khoti." Zomveka. Nthano iliyonse ifunika mdani, olo m'nthano zathu Kalulu sangaoneke wochenjela popanda Fisi. Futi tisanamizane: Wizards of the Coast ni ya Hasbro, kampani yaikulu ya zidole, ndipo kampani iona kumene kuli makasitomala. Kuti mudziwe kuti bizinesi siinataye mdani, onani ma gnoll, zilombo za mutu wa fisi. Buku la 2025 linangowasamutsila ku gulu la ziwanda, kuti osewela akhalebe na chomenya popanda kufunsa mafunso. Fisi, kulikonse kumene apita, mlandu ni wake.

Olo n'telo, ine niima na kusinthaku, pa zifukwa ziwili. Choyamba, nthano imakoma. Mdani amene ni woipa chifukwa anabadwa so alibe nkhani, ni chikwangwani choyenda. Koma gulu la ma orc limene liukila mudzi chifukwa mfumu ya anthu inawalanda mtsinje, olo chifukwa mtsogoleli wawo ni wadyela ndipo awanamiza, apo osewela ali na zochita. Mungamenye, mungakambilane, mungagule mmodzi wa iwo, mungapeze kuti amene anakutumani ndiye chigawenga. Zoipa zikalipo, akapolo akali kugulitsidwa m'nthanomo, midzi ikali kutenthedwa. Kusiyana n'kwakuti woipa adziwika na zimene wachita.

Chachiwili n'cholemela. Sinikamba ati gemu ya madayisi ipangitsa munthu kukhala watsankho, iyayi. Koma kaganizidwe kakuti "mtundu uyu ni wa so, osataya nthawi kufunsa" si ka m'mabuku a ku Wisconsin chabe. Mu April 2016 kuno ku Lusaka, pambuyo pa kuphedwa kwa anthu mochititsa mantha m'makomboni, mphekesela inaloza alendo, ndipo mashopu ambili a anthu a ku Rwanda anathyoledwa. Palibe anafunsa kuti mwini shopu iyi wachita chiyani, kunali kokwanila kudziwa kumene anachokela. Kumayambililo kwa 2020, pa nthawi ya gassing, anthu anaphedwa na magulu chifukwa chongoganizilidwa, ena chifukwa chakuti nkhope yawo inali yachilendo pamalopo. Munthu akangotchedwa chilombo, omumenya amadziona monga ngwazi za m'nthano. Ndiye chifukwa chake osewela akayamba kuima pakhomo la phanga n'kufunsa kuti "Nanga aba banachita chani?", ine niona kuti aphunzila chizolowezi chabwino.

Makolo athu anatisiyila mawu a mbali zonse ziwili. Pali akuti mwana wa njoka ni njoka. Palinso akuti m'mimba ni m'chipala, kutanthauza kuti mayi mmodzi abala ana osiyana, wina m'busa wina kawalala. D&D inayamba na mawu oyambawo, ndipo yatenga zaka 50 kuti ifike pa achiwiliwo. Ise amene tikhala m'dziko la mitundu yoposa 70, tokwatilana, tochitilana chimbuya pa malilo na pa ukwati, tidziwa kale kuti kuseka kwa chimbuya kumathela pa mbale imodzi ya nsima, pamene chidani cheni-cheni chimathela ku mochale.

Ngati mufuna kuiyesa, malamulo oyambila ali pa intaneti mahala, ndipo madayisi mungaponye pa foni. Pepala, bolopeni, anzanu atatu na kandulo, malaiti akapita mwapeza chochita. Koma imwe amene mudzakhala mwini nthano, nikupemphani chimodzi: mdani aliyense amene muika pa njila, mupatseni chifukwa. Akhale wadyela, wansanje, wanjala olo wonamizidwa. Ndipo anzanu akafika pakona paja pali tuana tulila, osawafulumiza kuponya dayisi. Asiyeni akangane kaye.