Breivik mutu wake unkagwira

Munthu akapha anthu ambiri nthawi imodzi, mawu oyamba kutuluka pakamwa pathu amakhala akuti "ameneyo ndi wamisala." Mawuwa amatitonthoza, chifukwa amatanthauza kuti munthu wabwinobwino ngati ife sangachite zotere. Koma nkhani ya ku Norway imakana chitonthozo chimenechi.

Pa 22 July 2011, Anders Breivik anaphulitsa bomba pa maofesi a boma ku Oslo, n'kupha anthu 8. Kenako, atavala ngati wapolisi, anawolokera pachilumba cha Utøya pomwe achinyamata a chipani cha Labour anali pa msasa, n'kuphanso anthu 69. Ena anathamangira kwa iye poganiza kuti wabwera kudzawateteza.

Madokotala awiri oyamba kumuyeza anati ali ndi matenda a schizophrenia. Awiri ena atamuyezanso anati ayi. Pa 24 August 2012 khoti linagamula kuti ankadziwa zomwe ankachita, ndipo linamupatsa zaka 21, zomwe zingathe kuwonjezedwa. Mwiniwakenso ankakana kwamtuwagalu kutchedwa wodwala, pofuna kuti dziko limve uthenga wake.

Taonani mmene anakonzekerera. Anachita lendi famu n'cholinga choti agule feteleza wochuluka wopangira bomba popanda womukayikira. Mfuti anagula motsatira malamulo. Analemba masamba pafupifupi 1,500 odzaza ndi chidani pa Asilamu ndi anthu obwera, ndipo zambiri anangokopera kwa anzake a maganizo omwewo pa intaneti. Chidanicho anachita kuphunzira, ndipo aphunzitsi ake palibe anawayeza mutu.

Sindikunena kuti matenda a maganizo sakhudzapo konse. Pali ena amene anaphadi anthu atasokonekera. Koma ochuluka mwa odwala matendawa sapweteka munthu. Kawirikawiri iwowo ndi amene amapwetekedwa, ngati uja amagona pakhonde la golosale, ana n'kumamugenda akulu akuseka. Tikamamuika m'gulu limodzi ndi Breivik, amene wayamba kumva mawu achilendo m'mutu amabisa vuto lake m'malo mopita kuchipatala.

Mu March 2019, munthu wina wa chidani chofananacho anapha anthu 51 m'mizikiti iwiri ku Christchurch. Boma la New Zealand silinataye nthawi ndi kukangana za mutu wake. Pasanathe mwezi umodzi chichitikireni izi, nyumba ya malamulo inaletsa mfuti zambiri za mtundu umene iye anagwiritsa ntchito, ndipo phungu mmodzi yekha ndiye anatsutsa.