Njinga Ilibe Ndevu

Pali bodza limene lakhazikika m'misika ya m'chigwa cha Bwanje, ndipo pa Kasinje lazika mizu ngati mlambe. Bodzali likuti njinga zili ngati mbuzi, ina ndi tonde, ina ndi yaikazi. Ya mtanda akuti ndi yachimuna, yopanda mtanda ndi yachizimayi. Munthu wofuna kuyamba kupalasa akafika kwa wogulitsa safunsidwa kuti adzayenda njira iti, adzanyamula chiyani, kapena mwendo wake ndi wautali bwanji. Wogulitsa amangomuyang'ana pachibwano. Akaona ndevu amaloza uku, akapanda kuziona amaloza uko, malonda atha. Ine ndikuti kusankha kotereku ndi umbuli, ndipo umbuliwu ukudya ndalama za amphawi ndi kuyendetsa pansi anthu amene akadakwera.

Alakatuli anzanga a m'kagulu kathu kano aseka. Ati mapepala ndi inki zathera nkhani ya zitsulo pamene dziko lili ndi zilonda zazikulu zofuna ndakatulo. Asekedi. Koma amene adapondapo mchenga wa kuchigwa mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo, akudziwa kuti kumeneko njinga yakapalasa ndiyo ambulansi, ndiyo basi ya mwana wa sekondale yoyendera, ndiyo ngolo ya kuchigayo. Banja limagula imodzi yokha, litagulitsa thonje kapena mbuzi ziwiri, ndipo imodziyo iyenera kukhala zaka zambiri. Ikagulidwa yoti munthu mmodzi yekha pakhomo ndiye angaikwere, enawo alandidwa miyendo.

Tiyambe ndi kumene mtandawu udachokera. Njinga ya mawilo awiri ofanana yoyendera tcheni, imene tonse tikuidziwa, idatchuka ndi John Kemp Starley wa ku Coventry ku Mangalande, amene adatulutsa njinga yotchedwa Rover mu 1885. Posakhalitsa amisiri adakhazikika pa felemu ya makona atatu awiri olumikizana, pakuti chitsulo cholumikizidwa motero sichipindika msanga. Chitsulo cha pamwamba chija ndicho timati mtanda. Tsono akazi a ku Ulaya a nthawi imeneyo ankavala madiresi aakulu ofika m'mapazi, ndipo sakadatha kuponya mwendo pamwamba pa chishalo. Amisiri adangotsitsa chitsulocho kuti diresi lidutse. Nkhani yonse ndi imeneyi basi. Palibe adayeza chiuno cha mkazi kapena mafupa ake. Adayeza nsalu.

Kwathu kuno nsaluyo idalowa mpaka m'malamulo. Mu 1973 boma la Dr Kamuzu Banda lidakhazikitsa lamulo la kavalidwe, la Decency in Dress Act, loletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi. Mkazi wa masiku amenewo akafuna kupalasa adayenera kupeza njinga yopanda mtanda, apo ayi ayende pansi, ndipo njinga zimene zidadzaza midzi yathu zidali za Humber ndi Raleigh zazitali zija, kenaka za Hero ndi Phoenix. Lamulolo lidafa pamene ulamuliro wa chipani chimodzi unkagwa. Lidafa papepala. Mu Januwale 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre adavula akazi pamsewu chifukwa chovala mathalauza, mpaka amayi adachita msonkhano wa zionetsero mu Blantyre. Mzimu wa lamulo lija ndi umene umayankhula m'kamwa mwa wogulitsa njinga pamene akuuza mtsikana kuti, "Iyo si yanu, chemwali, yanu ndi iyi ya basiketi."

Tsono pabwere njinga imene achinyamata onse akuilirira masiku ano, ya matayala a mano ndi magiya, imene eni ake amati mountain bike. Iyi idabadwira m'mapiri a Marin County ku California m'zaka za m'ma 1970. Joe Breeze adapanga felemu yake yoyamba ya ntchito imeneyi mu 1977, ndipo kampani ya Specialized idayamba kugulitsa Stumpjumper mu 1981. Pamene zaka zinkapita, opanga njingazi adayamba kupendeketsa mtanda kuti utsike cha kuchishalo. Chifukwa chake? Munthu wopalasa pamiyala ndi m'maenje amadumpha pansi mwadzidzidzi, ndipo akapeza chitsulo chili pamwamba chimamumenya pamalo amene sitiwatchula pagulu. Amene adayamba kudandaula ndi amuna a ndevu zawo. Mtanda wotsika pa njinga ya m'mapiri ndi wa aliyense wofuna kufika kunyumba ali wamphumphu, ndipo mnyamata wa pa Kasinje amene amaukana poopa kuti anzake amuseka akukana chinthu chimene akatswiri a mpikisano adachipempha okha.

Sindikubisa kuti mafelemu olembedwa kuti ndi a akazi alipo. Georgena Terry wa ku America adayamba kupanga njinga za akazi mu 1985, ndipo vuto limene iye adaliona lidali lenileni: mafakitale ankapanga njinga zazikulu zokhazokha, akazi aafupi n'kumavutika kufikira mahandulo. Koma makampani ambiri atanunkhiza ndalama adangotenga felemu yomweyo, n'kuichepetsa, n'kuipaka utoto wa pinki ndi timaluwa. Kampani ya Liv ikupangabe mafelemu akeake a akazi, ndipo ena amawakonda. Koma njinga za Juliana, zogulitsidwa kwa akazi, zimakhala pa mafelemu omwewo a Santa Cruz, kusiyana kuli pa chishalo, zogwirira ndi utoto. Specialized nayo mu 2019 idalengeza kuti yasiya kugawa mafelemu kuti awa a amuna, awa a akazi, itapeza m'miyeso ya anthu ambirimbiri kuti akazi awiri angasiyane matupi kuposa mmene mkazi amasiyanirana ndi mwamuna wa msinkhu wake. Eni njinga adalitaya bodzali kwawo. Ife tidalitola pakaunjika pamodzi ndi njingazo.

Chimene chimavuta mkazi wa kwathu pa njinga ya abambo ndi masamu a pulayimale. Mkazi wa ku Malawi kawirikawiri amatalika masentimita pafupifupi 156, ndipo kuchokera pansi kufika pomwe miyendo yalekanira pamakhala masentimita 70 ndi pang'ono. Njinga yakale ija ya felemu ya mainchesi 22 ndi mawilo a mainchesi 28 mtanda wake uli pamwamba masentimita 80 kapena kuposa. Munthu wotere sangaime ataikhalira pakati, mapazi ali pansi. Koma kodi mwamuna wamfupi angathe? Kodi mnyamata wa sitandade 7 angathe? Tonse tidaona ana, anyamata ndi atsikana omwe, akupalasa njinga ya bambo wawo atalowetsa mwendo kunsi kwa mtanda, thupi litapendama ngati nkhanu. Mwanayo amadziwa chimene akuluakulu akukana kudziwa, kuti njingayo ndi yaikulu, basi.

Choncho wofuna kuphunzira, kaya ndi mayi, kaya ndi bambo, aiwale utoto ndi mawu a wogulitsa, ayese njingayo ndi thupi lake. Aiime pakati, mapazi onse awiri ataponda pansi bwinobwino. Pakati pa iye ndi mtanda pazitsala danga lolowa zala zitatu kapena zinayi, ndipo ngati njira yake ndi ya miyala ndi makwawa danga likule ndithu. Akhale pachishalo, agwire mahandulo: zigongono zizipinda pang'ono, msana usatambasuke ngati wa munthu wotunga madzi pachitsime chakuya. Felemu yaitali kutsogolo ndiyo imapweteketsa khosi ndi mapewa, ndipo siikonzeka. Chishalo chimakwera ndi kutsika, mahandulo amasinthika, koma felemu ikakula yakula. Ayesenso mabuleki. Ichi ambiri amaiwala. Munthu wa manja aang'ono akapeza zogwirira mabuleki zili kutali ndi zala, adzazindikira zimenezi ali kale pamtsetse, ng'ombe zili pamsewu. Pa njinga zambiri za magiya pali kaboti kakang'ono kobweretsa chogwiriracho pafupi, ndipo wokonza njinga aliyense angakapotokole m'kanthawi kochepa.

Masiku oyamba chishalo chitsike mpaka mapazi azifika pansi munthu ali chikhalire, pakuti mantha a wophunzira amakhala m'mapazi. Akazolowera achikweze kufikira mwendo utawongoka pamene chidendene chili pa pedulo ya pansi. Za chishalo chenichenicho, n'zoona kuti akazi ambiri mafupa awo okhalira ndi otalikirana pang'ono, ndipo chishalo chopyapyala ngati mpeni chimawapweteka. Chimapwetekanso amuna ambiri, kungoti savomera. Chishalo n'chotsika mtengo poyerekeza ndi njinga. Kusiya felemu yokukwana chifukwa cha chishalo kuli ngati kugwetsa nyumba chifukwa cha mpando.

Nanga chitenje? Apa ndiye pali nkhani yoona, ndipo sindiizemba. Mayi amene amavala chitenje kapena siketi yaitali, ndipo sakufuna kusintha, felemu yotsika imamuthandiza kwambiri. Amakwera cha kutsogolo osaponya mwendo, amatsika msanga mchenga ukagwira tayala, ndipo ngati kumbuyo kuli mwana kapena thumba la ufa samumenya nalo phazi. Koma ubwino womwewo ndi wa agogo aamuna a mawondo ouma, ndi wa bambo amene wamanga madengu a tomato kumbuyo. Ku Japan, kumene njinga zambiri zakaunjika zimachokera, amuna ovala masuti amapita nazo kuntchito njinga zopanda mtanda zomwezi popanda wowaseka. Chimene mayi wa chitenje ayenera kuyang'anitsitsa ndi chovindikira tcheni. Njinga za magiya zambiri zilibe, ndipo nsalu ikalowa pakati pa tcheni ndi mano ake munthu amagwa chagada. Wogulitsa amene amadzitcha wodziwa njinga za akazi sindidamumvepo akutchula zimenezi.

Mtanda nawo uli ndi ntchito yake. Felemu ya chitsulo chimodzi chopindika imagwedera ikasenza katundu wolemera, ndipo ikatopa imang'aluka cha pansi pomwe zitsulo zakumana. Wa kabaza, wonyamula makala kapena matumba a chimanga kupita nawo kumsewu wa M5, afune felemu yotsekeka bwino, ndipo mayi wa geni yolemera afunenso yomweyo, yaing'ono yomukwana. Kulemera kwa thumba sikufunsa kuti wanyamula ndani. Pogula yakaunjika, munthu apukute fumbi m'malo onse owotcherera ndi kuyang'ana ming'alu. Safunsa adadya phula.

Ndipo achinyamata asanyengedwe ndi masipuling'i onyezimira. Zambiri mwa njinga zatsopano zotchipa zimene zimaoneka ngati za m'mapiri ndi zidole zolemera. Masipuling'i ake amadya mphamvu ya wopalasa, magiya amathyoka mvula yoyamba, ndipo zipangizo zake pa Kasinje sizipezeka, mapeto ake wokonza amadula tcheni n'kusiya giya imodzi. Kuchigwa n'kwa thyathyathya, chimene chimathandiza kwambiri ndi tayala lalikulu losatitimira mumchenga. Magiya amamveka kukoma kwa amene amakwera chitunda cholowera ku Kandeu. Wophunzira aganize kaye za njira imene adzayende tsiku ndi tsiku.

Tsopano ndifike kwa inu amalume, eni mbumba, ndi inu anankungwi. Ndimakulemekezani, koma pa ichi mwalakwa. Mumati mtsikana wokwera njinga ya mtanda amataya ulemu, ena mumanong'ona kuti sadzabereka. Ndani mwa inu adaona chumba chobwera ndi chitsulo? Mtsikana yemweyo mumamulola kukwera kumbuyo kwa kabaza wa mnyamata wosamudziwa, kapena kuyenda yekha m'thengo mbandakucha kuti akafike kusukulu belu lisanalire, ndipo kumeneko simuona choopsa. Boma la Bihar ku India lidayamba kupatsa atsikana a sekondale ndalama zogulira njinga mu 2006, ndipo akatswiri awiri a zachuma, Karthik Muralidharan ndi Nishith Prakash, adapeza kuti atsikana olowa sekondale pa msinkhu woyenera adachuluka ndi 32 pa 100 alionse. Njinga ya Buffalo ya bungwe la World Bicycle Relief, imene ikupezeka kuno kwathu ndi ku Zambia, felemu yake ndi imodzi kwa onse, mtanda wake ndi wotsika, ndipo kaliyala wake amanyamula makilogalamu 100. Mlimi, wa zaumoyo wa m'mudzi ndi mwana wa sukulu amakwera yomweyo, ndipo palibe adamerapo ndevu kapena kuzitaya.

Koma mlandu waukulu uli ndi abambo a pakhomo. Thonje munalima nonse, mayi ndi ana adapalira ndi kutola, koma tsiku logula njinga mumapita nokha kumsika, n'kubwerako ndi yaitali yofika m'chiuno mwanu, kenaka n'kumauza anzanu pabawo kuti mkazi wanga njinga imamukanika. Munasankha dala kapena mosadziwa, zotsatira zake n'zimodzi: inu mukachoka, kapena mukadwala inuyo, pakhomo palibe wotha kupalasa kupita kuchipatala. Munthu wamtali angathe kukwera felemu yocheperapo atakweza chishalo, koma wamfupi sangatalikitse miyendo. Tsiku la msika likafika, mutengeni wamfupi kwambiri mwa onse amene adzaipalase, aiime pakati pamaso pa wogulitsa, ndipo ndalama zituluke m'thumba pokhapokha mapazi ake onse awiri ataponda pansi.