Daisi iponyedwe aliyense akuona

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga amene akuphunzira ku Zomba, wabwera kutchuthi ndi masewera achilendo kuno ku Ntcheu. Palibe thabwa la bawo, palibe makadi. Pali kope, pensulo ndi kadaisi ka mbali 20. Madzulo, chisanu cha Julaye chikayamba kuluma, amasonkhanitsa ana pakhonde, iye n'kukhala kuseri kwa katoni imene waiimika ngati mpanda, n'kumawafotokozera dziko la m'mutu mwake: nkhalango, phanga, chilombo cholondera chuma. Mwana aliyense ali ndi munthu wake m'nkhaniyo, wina mlenje, wina sing'anga, wina wankhondo wa chishango ndi nthungo. Mwana akati "ine ndilumpha mtsinjewo", amaponya daisi. Ikagwa pa nambala yaikulu walumpha, ikachepa wagweramo. Koma chilombo chikafuna kuluma, wochiponyera daisi ndi mphwangayo, kuseri kwa katoni kuja.

Tsiku lina chilombo chinalumphira mlenje wa kamtsikana ka Sitandade 5. Daisi inagubuduka, mphwanga uja anaiyang'ana, anazengereza, kenaka anati chilombo chaphonya. Mwanayo sanasekerere. Anati, "Achimwene, mwanama. Tionetseni." Sanaonetse. Ana atabalalika ndinamufunsa, ndipo sanabise: "Amalume, inagwa pa 20. Mlenje wake akadafa. Ndinamumvera chisoni." Amayankhula ngati munthu woyembekezera kuthokozedwa. Ine zinandipweteka mumtima.

Masewerawa adachokera ku America. Otchuka kwambiri ndi Dungeons & Dragons, amene Gary Gygax ndi Dave Arneson adatulutsa mu 1974. Woyendetsa masewera amasenza zambiri: ndiye mlengi wa dzikolo, ndiye pakamwa pa zilombo ndi mafumu onse a m'nkhanimo, ndiyenso woweruza pakabuka mkangano wa malamulo. Katoni ija si nzeru ya mphwanga ayi, kampani imachita kugulitsa chotchingira chotero kuti osewera asaone mapu ndi zinsinsi za nkhani. Ndipo mkangano wakuti kodi woyendetsa angasinthe nambala mwakachetechete ndi wakale pakati pa osewera. Ambiri amati palibe vuto, bola nkhani ikome ndipo wina asapite kwawo akulira.

Ine ndikukana, ndipo mukudziwa inunso kuti ndikunena zoona. Mwana uja adabwera kudzaika mlenje wake pa ngozi yeniyeni. Kukoma konse kwa kuponya daisi n'kwakuti mtima umagunda chifukwa palibe akudziwa chimene chigwe, ngakhale mkulu amene wakhala kuseri kwa katoni. Ukamupulumutsa mobisa wamulanda imfa ya mlenje wake, inde, koma wamulandanso zipambano zake zonse, za dzulo ndi za mawa. Tsiku limene adzaphe chilombo adzadzifunsa: ndachipha ndine, kapena achimwene andimveranso chisoni? Nanga anzake aja, amene anthu awo adagwera mumtsinje popanda wowapulumutsa, aziti chiyani? Chisoni chochitira mseri sichigwera onse mofanana. Chimagwera wokondedwa, wolira msanga, kapena mwana wa kunyumba kumene umadyako nsima.

Sindikuti mkulu akhale wouma mtima pa ana. Akulu adati nkhanga zidapangana kusanapse. Ngati simukufuna kuti munthu wa m'nkhani azifa, nenani musanayambe, onse akumva: pano wogonja amakomoka, kapena amagwidwa ukapolo, anzake n'kukamuombola. Likatero ndi lamulo, ndipo lamulo ndi la aliyense. Osewera a kunja nawo adazindikira zimenezi, moti ambiri amapatula tsiku loyamba kuti angokambirana zoyenera ndi zosayenera, daisi isanakhudzidwe. Ena adapitirira pamenepo. M'masewera otchedwa Apocalypse World, amene Vincent Baker adatulutsa mu 2010, woyendetsa saponya daisi n'komwe. Oponya ndi osewera okha, poyera, iye n'kumangotsata chimene chagwa. Nkhani siiwonongeka. Imakoma koposa, chifukwa naye woyendetsa amadzidzimuka limodzi ndi anzake.

Ndipo tisamayese kuti zoyerekeza moyo wa munthu wina n'zachilendo kwathu kuno. Ife tidakulira masanje. Chimanga chikakololedwa tinkamanga timisasa ta mapesi kumunda, atsikana n'kukunkha zotsalira, kusinja, kuphika m'timiphika. Pamakhala bambo, mayi, ana, mfumu, ndi fisi wobwera kudzaba ndiwo. Nthawi zonse pamakhala mkulu mmodzi wogawa maudindo, ndipo masanje amakoma kapena kuipa chifukwa cha iyeyo. Kwathu wogawayo anali ndi anthu ake. Abale ake ankakhala mfumu ndi mkazi wa mfumu chaka ndi chaka, pamene mnyamata wina wamasiye, wachibwibwi, ankangokhala fisi. Fisi sadya nawo pamphasa. Amazungulira kutchire, akagwidwa amathamangitsidwa ndi zibuma. Mnyamatayo atapempha kuti tsiku limodzi lokha akhaleko bambo, adauzidwa kuti malamulo salola, malamulo amene palibe adawamvapo, opangidwa nthawi yomweyo kuti amutsekere pakhomo. Adasiya kubwera. Enanso awiri atatu adamutsatira, ndipo chaka chimenecho misasa idagwa yokha tisanaidyerere. Papita zaka zambiri koma ndikakumbukira mtima umandiwawabe, chifukwa mwana amapirira kugonja, chimene sapirira ndi kuzindikira kuti wamkulu amene amamukhulupirira adakonzeratu mathero.

Taonani agogo pa nthano. Akati "Padangokhala", ife n'kuvomera "Tili tonse", pamenepo tapangana. Iwo ali ndi ufulu wotitengera kulikonse, koma Kalulu akalowa m'mbuna ayenera kutulukamo ndi nzeru zimene tonse tingazitsate. Atangoti wamera mapiko, ana amadzuka n'kukagona. Pa bawo ndiye posachita kunena. Pitani pa Tsangano Turn-off kapena pa Lizulu tsiku la msika mukaone madoda atazungulira thabwa: maenje 32, nkhomo 64, zonse pambalambanda, oonerera akuwerenga nawo. Munthu wobisa nkhomo m'chikhatho sasewera nayenso wina pamsikapo, ngakhale atalumbira kuti amangothandiza mnzake wofooka.

Mwina muti ndakuza nkhani ya ana. Koma dziko lino lidaona kale zimene zimachitika nambala ikasinthidwa kuseri kwa katoni. Pa chisankho cha 2019 mapepala ambiri a zotsatira adapakidwa tipeksi, ndipo tidauzidwa kuti kunali kungokonza zolakwika. Amene adakasuma anali Lazarus Chakwera ndi malemu Saulos Chilima, mwana wa kuno, amene adagona ku Nsipe. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu a khoti la malamulo a dziko adafafaniza chisankhocho, ndipo tidavotanso pa 23 Juni. Chimene tidaphunzira n'chakuti wosunga nambala akaikhudza kumbali, ngakhale atati cholinga chinali chabwino, onse amene adali pamzere amataya chikhulupiriro pa nambala zonse, zoona zomwe. Khalidwe lotero munthu saliyambira ku chipinda chowerengera mavoti. Amaliyambira pakhonde, ali wamng'ono, tsiku limene waona mkulu akunama mokoma mtima anthu n'kumuyamikira.

N'chifukwa chake ndimawalemekeza amayi a banki mkhonde. M'magulu ambiri bokosi la ndalama limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu osiyana, bokosilo likusungidwa ndi wachinayi. Limatsekulidwa pamsonkhano pokha, ndalama n'kuwerengedwa mokweza aliyense akumva. Amayiwa sakuti msungichuma wawo ndi wakuba. Nthawi zambiri amasankha munthu amene amamudalira kuposa onse. Akudziwa kuti kuwerengera poyera kumateteza iyeyo, kuti tsiku limene ndalama zidzaperewere pasadzapezeke womuloza chala. Nkhanga zimenezi zidapangana kusanapse, ndipo magulu amene amasunga pangano lawo amagawana bwinobwino pakutha pa chaka.

Woyendetsa masewera asunge zinsinsi za nkhani yake, mapu ake, dzina la mfiti imene ili kuphanga. Zimenezo n'zake ndipo ana amakondwa kuzivumbula pang'onopang'ono. Koma daisi si yake. Aiponye pakati pa mphasa, mwana wamng'ono kwambiri pagulupo ndiye awerenge nambala.