Khadi ya sikimu muli nayo, nanga pepala lake munaliwerenga?

Ndakhala chete masabata angapo chifukwa chochonga mayeso, koma lero ndili ndi nkhani yakukhosi.

Mwezi watha mayi akunyumba anadwala dzino kachiwiri chaka chino. Tinapita ku chipatala china cha pulaiveti, khadi ya sikimu yachipatala ili m'thumba, mtima uli m'malo. Atawathandiza, kalaliki wa pawindo anandiuza kuti gawo la mano linatha pa ulendo woyamba uja, choncho bilu yonse ndi yanga. Ndinayamba kukweza mawu. Iye anangotulutsa pepala la malamulo a sikimuyo n'kundilozera mzere wake. Manyazi anandigwira. Ine amene tsiku ndi tsiku ndimauza ana a Fomu 4 kuti aziwerenga funso asanayankhe, ndinasaina fomu osawerenga. Tinatulukamo ndi ngongole ya ku banki m'khonde. Safunsa anadya phula.

Ndiye maganizo anga ndi awa: ambirife timadulidwa ndalama ya sikimu mwezi ndi mwezi, koma timayamba kuiphunzira tili kale pamzere, wodwala akubuula. Nthawi imeneyo ndi yolakwika. Sikimu si thumba lopanda pansi. Chithandizo chilichonse, kaya mano, magalasi, mankhwala kapena kugonekedwa, chimakhala ndi malire ake pa chaka.

Musanadwale, funsani mafunso awa ndipo mayankho muwalembe. Ndi zipatala ziti ndi mafamase ati amene amalandira khadi yanu? Pa bilu, sikimu imalipira gawo lanji, nanga shortfall yanu imakhala yotani? Munthu wongolowa kumene amadikira miyezi ingati asanayambe kuthandizidwa, makamaka pa uchembere? Kuti muonane ndi dokotala wamkulu, pakufunika kalata yochokera kwa dokotala woyamba kapena chilolezo cha sikimu? Mukalipira nokha, malisiti akafike pasanathe masiku angati kuti akubwezereni? Ndipo mwana amene wapita ku koleji akadali pa khadi?

Chachiwiri ndi foni. Ife ophunzitsa kumidzi, ulendo wa kuchipatala ndi kabaza, minibasi ndi tsiku lathunthu ana atakhala opanda mphunzitsi. Mafunso ena safuna ulendo. Chipatala Cha Pa Foni chinayambira ku Balaka mu 2011 ndi bungwe la VillageReach pothandiza amayi oyembekezera ndi ana, kenako chinafalikira dziko lonse n'kuperekedwa m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Nzeru yake ndi yapafupi: kulankhula kaye ndi wazaumoyo kuti akuuzeni ngati vutolo n'lodikira mawa kapena n'lothamanga nalo usiku womwewo. Nanunso funsani sikimu yanu ngati ili ndi dokotala wolankhula naye pafoni kapena pa WhatsApp. Musanaimbe, lembani tsiku limene matenda anayamba ndi mayina a mankhwala amene wodwala akumwa, kuopa kuti mayunitsi angathere m'kukumbukira.

Koma chonde, foni siyeza magazi. Mwana akatentha thupi, kamuyezetseni malungo tsiku lomwelo, osangogula LA chifukwa wina wanena pa gulupu ya sitafu. Kupuma movutika, kukomoka, kupweteka pachifuwa, kutaya magazi kwa mayi woyembekezera, zimenezo si za pafoni. Nyamukani.

Ndikudziwa kuti ena mukuti, a Sir, chipatala cha boma n'chaulere, sikimu n'kutaya ndalama. Sindikutsutsani kotheratu. Katemera wa ana, sikelo, ma ARV ndi mankhwala a TB timalandira ku boma osalipira, ndipo palibe chifukwa chothera gawo la sikimu pa zimenezi. Koma amene chipatala chake chapafupi ndi cha mishoni akudziwa kuti kumeneko kumafunika kangachepe. Ndipo tonse tinauzidwapo kuti mankhwala awa mukagule nokha, mwezi uli pakati. Apo m'pamene khadi imaombola.

Kwa ife amene tadutsa zaka 40, phindu lalikulu lili pa kuyezetsa BP ndi shuga tisanagwe. BP siiwawa, imangodukiza munthu ali pa bolodi. Kuyezetsako n'kotchipa kusiyana ndi sabata imodzi yogonekedwa.

Inu ana anga amene mwayamba ntchito m'tauni, bwana akakupatsani fomu ya sikimu, musasainire pa kauntala. Pitani nayo kunyumba, muiwerenge ngati pepala la MSCE. Ine langa ndaliwerenga tsopano, mizere ina ndaidula ndi bolopeni yofiira, ndipo Lachisanu ndibwera nalo ku sitafu rumu. Amene ali ndi lake abwere nalo tifananitse.