Mthunzi Suzima Ngati Malaiti

Mu Okutobala, ambili a ife amene tikhala m'makomboni a Lusaka sitigona bwino. Dzuwa linalowa kale, koma m'nyumba mukali ngati mu uvuni. Malata apsa tsiku lonse, mabuloko a simenti amwa kutentha, ndipo usiku ayamba kutilavulila. Tikatsegula windo tiopa udzudzu ndi akawalala, tikatseka tisamba thukuta. Mwana alila, ambuya apempha madzi, m'mawa tipita ku nchito kapena ku sukulu mutu uli wolema.

Tikadandaula, anzathu atiuza kuti tigule fani. Koma caka ca 2024 cinationetsa kuti fani ndi bwenzi la pamtendele cabe. Mvula inakana, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cija ndi tsoka la dziko lonse. Madzi ku Kariba anatsika kwambili. Popeza magetsi athu ambili acokela ku madzi, pofika Seputembala malaiti anali kupita mpaka maola 21 pa tsiku. Pamene tinali kufunitsitsa fani m'pamene inangokhala du pakona. Caka cimeneco ndico cinaposa zaka zonse zam'mbuyo pa kutentha pa dziko lonse lapansi, kucokela pamene akatswili anayamba kusunga ziwelengelo za nyengo. Tisadzinamize kuti zinangocitika kamodzi.

Ndiye cifukwa cake tikuti tileke kuona mtengo ngati cokongoletsa ca anthu a kumayadi. Mthunzi ndi wofunika pa nyumba monga pompi ndi cimbudzi.

Amene akukayika ayese izi: ayende pansi masana ku Kanyama kapena ku Chawama, ndiyeno akwele basi akatsike ku Rhodes Park kapena ku Kabulonga. Mzinda ndi umodzi, dzuwa ndi limodzi, koma thupi lidzamuuza lokha. Kumayadi masamba atsekeleza dzuwa lisanafike pa malata ndi pa msewu. Ndiponso mtengo umakoka madzi pansi n'kuwatulutsila m'masamba, ndipo mpweya wapafupi uzizila, monga mmene thukuta liziziletsela thupi. Kwathu kulibe cocinga. Dzuwa ligwela pa malata, pa simenti, pa fumbi, ndi pamutu pa amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu, anyamata okankha mawilibala, ndi ana oimilila pa mzele wa madzi.

Kuloza boma cala n'kosavuta, koma nafenso tili ndi mlandu. Ndani wa ife sakumbukila mtengo wa mango umene tinali kusewela pansi pake tili ana? Uli kuti lelo? Unadulidwa kuti pamangidwe ka cipinda kena ka lendi kapena kantemba. Pamene panatsala tinathilapo simenti kuti paoneke pa town. Ndipo malaiti akapita, tonse tithamangila thumba la malasha, nkhalango za ku Chongwe ndi ku Mumbwa n'kumatha.

Wina adzati, "Ine ndili pa lendi, yadi si yanga." N'zoona, ndipo a landilodi nawonso ali ndi zifukwa zawo: mizu ing'amba cipupa, masamba adetsa, ndipo cipinda cibweletsa ndalama mwezi uliwonse pamene mtengo subweletsa. Sitingawauze kuti agwetse nyumba. Koma si mtengo uliwonse uli ndi mizu yoononga. Popo akula msanga ndipo safuna malo aakulu. Gwava akwana pakona. Ngakhale cibwabwa cokwela pa denga cipatsa mthunzi ndi ndiwo nthawi imodzi. Madzi otsukila mpunga ndi ndiwo, amene titaya pa msewu, akwanila kulela kamtengo. Tikamakambilana za lendi, tifunsenso za siling'i ndi za kupenta malata penti yoyela, cifukwa denga loyela libweza dzuwa pamene lakuda lilimeza. A landilodi amamva cinenelo cimodzi: nyumba yozizila sikhalitsa yopanda munthu.

Komabe mutu umodzi susenza denga. Pa siteshoni ya basi, pa maliketi, pa kiliniki ndi pa sukulu, munthu mmodzi sangathe. Apa m'pamene pafunika ndalama za CDF, zimene mu 2022 zinakwela kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwensi iliyonse. Zopempha za anthu zimayambila ku Ward Development Committee. Kodi ndi angati a ife acinyamata amene anapondako ku msonkhano wake? Tikhala pa Facebook kudandaula kuti kwapsa, pamene ena akulemba mndandanda wa zofunika popanda ife. Tipite tikanene kuti tifuna shedi pamene anthu ayembekezela basi, mitengo pa bwalo la sukulu, ndi munthu wolipidwa woithilila. Kubyala pa tsiku la makamela n'kusiya mbuzi zidye, taona kale.

Mtengo utenga zaka, koma kutentha kulipo lelo. Conco tiyang'anilane. Khanda, mayi wapakati ndi nkhalamba ndiwo ayamba kufooka. Tiwapatse madzi asanapemphe. Munthu akayamba cizungulile, kusanza kapena kulankhula zosokonezeka, timuike pa mthunzi, timuthile madzi m'thupi, tithamangile naye ku cipatala.

Nyengo yobyala mitengo m'dziko lathu iyamba pa 15 Disembala, mvula ili pansi. Kambeu ka gwava kagulidwa pa mtengo wosasiyana kwambili ndi wa mabando a intaneti amene titsiliza pa masiku ocepa. Tikabyala caka cino n'kukacinga ndi mabuloko anayi, mwana amene alila usiku uno adzakhala pansi pake akamalemba homuweki ya giledi 3, kaya malaiti alipo kaya apita.