Mawu a Sabata Ino: "Downhill"

Anthu ambiri a ku Angónia ndi ku Tsangano amene adathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo adabwerako ndi kachingerezi pang'ono mtendere utabwera mu 1992. Koma alipo mawu ena a Chingerezi amene amapusitsa ngakhale munthu wopita kusukulu. Ena mwa mawu otere ndi "downhill".

Mawuwa ndi awiri olumikizana: "down" ndiye kuti pansi, "hill" ndiye kuti phiri. Tanthauzo loyamba tsono ndi mtsetse, umene pa Chipwitikizi amati "descida". Msewu wa Khwekhwerere, wotsika kuchokera kumapiri a Dedza kunka ku Golomoti, ndiye "downhill" weniweni. Dalaivala wanzeru amatsika pamenepo ndi giya yaing'ono, chifukwa mabuleki akatentha sagwira.

Tanthauzo lachiwiri ndi lokoma. Munthu akanena kuti "it is all downhill from here", kawirikawiri amatanthauza kuti povuta padutsa. Ali ngati wanjinga amene wakankha thumba la mbatata pachitunda mpaka wafika pamwamba, kwatsala n'kungokhala pachishalo.

Tanthauzo lachitatu ndi limene liyenera kusamalidwa. Chinthu chikakhala "going downhill" ndiye kuti chikuipiraipira. Amatero ponena za golosale imene mashelefu ake ayamba kuyera, mwana amene akubwerera m'mbuyo kusukulu, makamakanso wodwala amene mphamvu zikumuthera.

Nachi chitsanzo. Gogo agonekedwa pachipatala cha kutsidya kwa malire. Dokotala akuuza namwino kuti "she is going downhill". Mdzukulu amene akudikirira matendawo amadziwa tanthauzo lachiwiri lokha, ndipo akutumiza uthenga kumudzi kuti zapepuka, anthu asavutike kubwera. Chonsecho dokotala amanena kuti matenda akula, nthawi yoitana abale yakwana.

Nanga munthu angasiyanitse bwanji? Pakamveka "going" kapena "went" patsogolo pa "downhill", ndipo nkhani si ya msewu kapena phiri, uthengawo ndi woipa. Koma "all downhill from here" amagwira mbali zonse ziwiri: ena amanena mosangalala, ena modandaula kuti zabwino zatha. Pamenepo nkhope ya wolankhula ndiyo imamasulira.

Pakakhala chikayiko, makamaka kuchipatala, palibe manyazi kupempha kuti anenenso m'Chichewa. Akulu adati safunsa adadya phula.